Kamfuti ka pa Chipata

Mai anga adalera ana asanu ndi mmodzi popanda choyezera kutentha kwa thupi. Ankangoika kuseri kwa dzanja pa chipumi cha mwana, n'kukhala chete kanthaŵi monga achitira munthu polaŵa ndiwo, kenaka n'kugamula mlandu. Uyu ndi chimfine chabe, amwe phala akagone. Uyu iyai, patseni nsalu ndimbereke, tikafike ku chipatala dzuŵa lisanakwere. Ndakumbukira dzanja limenelo chifukwa m'maŵa wina m'chaka cha 2021 nanenso ndidaika dzanja langa pa chipumi cha mwana wanga, ndidamva bwinobwino zimene dzanjalo lidandiuza, koma m'malo momvera ndidayamba kuŵerengera m'mene ndinganyengere kamfuti koyezera ana pa chipata cha sukulu ya mkaka.

Mwana wathuyo ndi wamkazi, ndipo adabadwa chakumapeto kwa 2017. Ine ndi amake tidaapangana kuti akayambe sukulu ya mkaka m'chaka cha 2020. Koma pa 20 Malichi chaka chimenecho Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zidatsekedwa, matendawo asanapezeke ndi mwa munthu mmodzi yemwe m'Malaŵi muno. Odwala atatu oyamba adalengezedwa pa 2 Epulo. Boma lidafuna kutitsekera m'nyumba masiku 21, bwalo lalikulu la milandu lidakana, koma ife kwathu kuno ku Zomba tidamtsekera mwanayo ndithu. Miyezi isanu ndi umodzi adakhala m'kati mwa mpanda, anzake oseŵera nawo ali amake, ine, ndi mphaka. M'miyezi yonseyo sadatsokomoleko ndi kamodzi komwe, ndipo ife tidadziyamikira kuti timadziŵa kulera.

Sukulu zidayamba kutsekulidwa pa 7 Sepitembala, kuyambira makalasi olemba mayeso, ndipo ang'onoang'ono adatsatira mu Okutobala. Pa chipata cha sukulu yathu ya mkaka padaikidwa ndowa ya kampopi, sopo, ndi alonda atagwira kamfuti koyera. Mwana aliyense ankasamba m'manja, n'kuima njo, alondawo n'kumuloza pa chipumi. Kamfutiko kakaonetsa 37.5 kapena kuposerapo, mwana ankabwerera ndi amene wabwera naye. Wa mamina ndi wa chifuwa ankabwezedwanso, ngakhale kamfuti kamuvomereze.

Sipadathe milungu iŵiri, wathuyo adabwera ndi chimfine. Chitangotha icho adadwala maso, akudzuka m'maŵa zikope zitamatana. Kenaka adatsekula m'mimba masiku atatu, kenaka chimfine china, ndipo pofika Khirisimasi adali ndi chipere kuseri kwa khutu. Chimfine chilichonse chinkayamba ndi iye, n'kupita kwa amake, n'kuthera kwa ine. Ndidakwiya nayo sukuluyo. Ndinkati tikulipira ndalama mwezi ndi mwezi kuti atigaŵire matenda.

Pambuyo pake ndidamvetsa kuti sukuluyo sinkachita chachilendo. Tizilombo toyambitsa chimfine tilipo mitundu yoposa 200, ndipo thupi limaphunzira kulimbana nato kamodzikamodzi, mtundu uliwonse pa wokha. Nchifukwa chake mwana wamng'ono amadwala chimfine kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu pa chaka, ndipo amene wangoyamba kumene kusonkhana ndi anzake amatha kupitirira pamenepo. Wathuyo adaakhala theka la chaka osakumana ndi mwana mnzake, tsono ngongole yonse adaibweza nthaŵi imodzi. Komanso kachilombo kamene kamayambitsa zimfine zambiri, kotchedwa rhinovirus, kalibe chikutiro cha mafuta chimene kachilombo ka korona kali nacho, ndipo sanitaiza, amene amasungunula chikutirocho, sakagonjetsa msanga. Za zophimba kukamwa ndi mphuno ndiye musakambe. Bungwe la WHO lidalangiza mu Ogasiti 2020 kuti ana a zaka zisanu ndi ochepera pamenepo asakakamizidwe kuzivala, koma ife makolo tinkaŵaveka, poopa kuoneka osasamala. Tsiku lina wathuyo adapita ndi chophimba chobiriŵira, nabwerako ndi cha maluŵa ofiira, chonyoŵa ndi malovu a mwana wina. Nditamfunsa adati adasinthana ndi mnzake chifukwa chinali chokongola. Munthu wa zaka zitatu sungamuuze kuti atalikirane ndi mnzake mita imodzi. Amamwera kapu imodzi, amanyambita chidole chimodzi, ndipo akakondana amagwirana kumaso.

Kale zonsezi sizinali nkhani. Mwana wa mamina ankapukutidwa ndi nsonga ya chitenje n'kubwerera koseŵera. Mliri udasintha zimenezo. Kutsokomola kudasanduka mlandu, ndipo inu amene mudakwerako minibasi masiku amenewo mukukumbukira m'mene munthu ankachimezera chifuwa mpaka misozi, poopa maso a anzake. Zidanyanya mu Januwale 2021. Pa 12 Januwale nduna ziŵiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zidatsekedwanso. Nyumba ya boma ya kuno ku Zomba idasandutsidwa chipatala cha odwala matendawo. Mandimu ndi jinja zidakwera mtengo pa msika, mitengo ya bulugamu idayoyoledwa masamba, ndipo madzulo nyumba zambiri zinkanunkhira nthunzi ya anthu odzifukiza atafunda bulangete. Sabata iliyonse tinkamva za maliro a munthu womdziŵa. Sukulu zitatsekulidwanso pa 22 Febuluwale, alonda athu aja sankasekanso ndi ana pa chipata.

Tsono ndifike pa m'maŵa uja. Linali Lachitatu, chapakati pa Malichi, mvula ikadali kugwa. Amake mwana adaali ku Ntcheu kodwazika apongozi anga. Mtsikana amene ankatithandiza ntchito za pakhomo tidaamuuza kuti ayambe wapita kwao chaka chapitacho, mwina chifukwa cha mantha, mwina chifukwa cha ndalama, ndipo mwina zonse ziŵiri. Motero m'nyumba tidaalimo aŵiri, ine ndi mwana. Chitsekulireni sukulu ndinali nditajomba kale ku ntchito masiku anai chifukwa cha zimfine zake, ndipo abwana anga adaandifunsa, moseka koma mosaseka, ngati kwathu kulibe akazi. Tsiku limenelo kunali msonkhano umene sindikadatha kuuthaŵa.

Mwanayo adadzuka mochedwa, osaimba monga mwa masiku onse. Phala adangolaŵa masipuni aŵiri. Nditamgwira pa chipumi, dzanja lidandiuza kuti apa pali moto, ndipo silidanene monong'ona ai. Mphuno inali youma, chifuwa panalibe. Munthu wanzeru akadadabwa ndi kutentha kopanda mamina kumeneku m'nyengo ya mvula. Ine ndidangoganiza zinthu ziŵiri. Choyamba, ngati ndi chimfine china, chidzatha chokha monga zinzake. Chachiŵiri, ngati ndi korona, ndiye kuti masiku 14 otsekeredwa m'nyumba, anzanga a ku ntchito kundithaŵa, ndi anansi kuloza nyumba yathu ndi milomo. Maganizo aŵiri onsewo adandituma ku kabati kumene kunali botolo la Panado wa ana.

Ndisanamizire kuti nzeru imeneyi ndidaipeka ndekha. Makolo tinkauzana monong'ona poyembekeza ana masana. Panado amayamba kugwira ntchito pakatha theka la ola kapena ola limodzi, ndipo amakhalitsa maola anai kufikira asanu ndi limodzi. Ukampatsa mwana 6 koloko, pofika pa chipata thupi lazizira, ndipo mphepo ya m'maŵa yochokera ku phiri imathandizako kuziziritsa chipumi, pakuti kamfuti kaja kamayeza khungu chabe. Sindikuŵanyoza makolo anzangawo. Lamulo lobweza mwana aliyense wa mamina lidapangidwa ndi anthu oganiza kuti kunyumba kuli munthu womlandira. Mai wogulitsa kaunjika, kalaliki wa ku banki, namwino amene ali pa ntchito ya m'maŵa, onseŵa akabwezeredwa mwana pa chipata ankasoŵa kolowera naye. Lamulolo silidachepetse zimfine. Lidangotiphunzitsa kuzibisa.

Tidafika pa chipata cha m'ma 7 koloko. Mwana adasamba m'manja, naima njo. Kamfuti kadalira, alonda n'kuyang'ana, nati, "36.4. Aloŵe, bwana." Ndidaŵathokoza, ndipo pobwerera ndidamva kupepuka kwa munthu amene wadutsa pa rodibuloko ndi katundu wosaloledwa.

Foni idalira itangokwana 11 koloko, msonkhano uli m'kati. Anali aphunzitsi a mwanayo. Sadachulutse mau. Adati, "Bambo, bwerani msanga, mwana sali bwino." Ndidakwera kabaza wa njinga yamoto, chinthu chimene ndinkalumbira kuti sindidzachita. Malamulo a sukuluyo ankati mwana wotentha thupi aikidwe m'kachipinda ka yekha, wamkulu amuyang'anire chapatali. Ine ndidapeza aphunzitsiwo atambereka kumbuyo ndi chitenje chao, akuyendayenda naye pa khonde, nsalu yonyoŵa ili pa mutu pake. Adaasanza kaŵiri. Maso adaali otseka mwatheka, milomo youma, ndipo atamtsitsa ndidamva thupi lake likunjenjemera m'manja mwanga ngati kamwana ka nkhuku konyoŵa ndi mvula.

Aphunzitsiwo ndi mai wamng'ono kwa ine, ndipo masiku onse ankandipatsa moni ataŵerama pang'ono. Tsiku limenelo adandiyang'ana m'maso. Adati, "Bambo, m'maŵa mwampatsa mankhwala?" Ndisanayankhe adapitiriza, "Wandiuza yekha. Akuti adadi andimwetsa mankhwala otsekemera." Ndidavomera ndi mutu. Sadakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akadakalipa. Adangondiuza kuti chaka chathacho, sukulu zili zotseka, iwo adakhala miyezi isanu ndi umodzi osalandira kanthu, chifukwa sukulu ya mkaka imadya zimene makolo alipira mwezi umenewo, ndipo adadyetsa ana ao ndi mandasi a pa mseu. Adati mwana mmodzi akapezeka ndi matendawo, sukulu itsekedwa, iwo abwerera ku chiwaya. "Komabe zimenezo ndi zazing'ono," adatero. "Mukadandiuza, bwenzi ndikumuyang'anitsitsa chiyambire m'maŵa. Ine ndimayesa ndi tulo chabe."

Ku chipatala chaching'ono cholipira kumene ndidathamangira, ndidaloŵa ndikunena za korona. Ndidafunsa ngati amayeza ana, ngati kathonje kao kaja ka m'mphuno sikamupweteka, ngati atigoneka ku nyumba ya boma. Anamwino, mai wachikulire wa imvi za m'mbali, adangomva zonsezo akulemba m'buku la mwana la ku chipatala. Adamuyeza kutentha m'khwapa, chidaonetsa 39.6. Adamuika pa sikelo. Adandifunsa ngati wakomokako, ngati akutha kumwa, ngati amagona m'masikito. Funso lotsirizali ndidaliyankha mofulumira kwambiri. Kenaka adambaya chala, nadontheza magazi pa kapulasitiki koyezera malungo, ndipo tidadikira mphindi 15. Mizere idatuluka iŵiri.

Zimene ndidachita pamenepo ndizo zandichititsa kulemba nkhani ino. Ndidapuma mpweya waukulu, ndidaseka, ndipo ndidati, "Aa, ndi malungo basi!"

Anamwino aja adaika cholembera pansi. Adati, "Achimwene, mwati basi?" Ndidakhala chete. Adati iwo agwira ntchito zaka zambiri m'chipinda cha ana, ndipo ana amene adaŵaona akutsirizika m'manja mwa amai ao, ambiri adapita ndi malungo omweŵa, ndi chibayo, ndi kutsekula m'mimba. Adati mwana wa msinkhu uwu malungo amatha kumsintha pa tsiku limodzi, kumthera magazi kapena kumkwera ku mutu, ndipo Panado amene ndidampatsa adangotseka pakamwa pa mboni. Adandipatsa LA, m'bulu umodzi nthaŵi iliyonse malinga ndi sikelo yake, woyamba pompo, wachiŵiri pakatha maola 8, kenaka m'maŵa ndi madzulo mpaka masiku atatu akwane. Adati ndizimpatsira pamodzi ndi mkaka kapena phala la nsinjiro kuti mankhwala aloŵe bwino m'thupi, ndipo akasanza msanga, akakana kumwa, kapena akayamba kuphupha, ndisadikire kuche.

Iwo ankanena zoona, ndipo ine ndinkazidziŵa kale, monga tonse tidziŵira. Covid-19 idapha anthu ambiri, ndipo sindikuipeputsa, pakuti nanenso ndidaika anzanga m'manda. Koma ana ang'onoang'ono ambiri idaŵadutsa mopepuka. Malungo ndiwo sadapite ku tchuthi. Bungwe la WHO lidaŵerengera kuti m'chaka cha 2020 malungo adapha anthu pafupifupi 627,000 pa dziko lonse, kuposa chaka cha 2019 ndi anthu 69,000, ndipo gawo lalikulu la kuwonjezekako lidadza chifukwa mliri udasokoneza ntchito zopeŵa ndi zochiza malungo. Ochuluka mwa akufawo anali a muno mu Africa, ndipo mwa iwo oposa atatu mwa anai alionse anali ana osakwana zaka zisanu. Mwezi womwewo wa Malichi 2021, pa 5, katemera woyamba wa Covid-19 adafika m'dziko muno, wokwanira kubaya ka 360,000, ndipo pa 11 Pulezidenti adabayitsa konkuno ku Zomba, dziko lonse likuonerera. Koma ndani mwa ife adaakambako zoti mu Epulo 2019 dziko la Malaŵi lidakhala loyamba pa dziko lapansi kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'maboma ena? Ine ndidazimva mochedwa, ndipo ndimadzitcha munthu woŵerenga.

Chidandiŵaŵa koposa ndi ichi. Miyezi yonse ija ndinkaloza chala sukulu ya mkaka, koma malungo mwana satengera kwa mnzake pa mphasa ya m'kalasi. Udzudzu wake umaluma usiku, ndipo usiku mwanayo amagona kwathu. Matendawo amaonekera patapita sabata imodzi kapena ziŵiri chilumidwire, ndiye kuti adalumidwa amake atachoka kale, mwana ali m'manja mwanga. Madzulo amenewo ndidakayang'ana masikito ake. Chakumiyendo kunali chiboo choloŵa chibakera, chimene amake adaandiuza kuti ndisoke asananyamuke. Ine amene ndinkapukuta zogwirira za zitseko ndi mankhwala, ine amene ndinkatsuka ndi sopo paketi ya shuga yochokera ku golosale, ndidalephera kutenga singano ndi ulusi. Ndidasoka usiku womwewo, mosokonekera, mwana akubuula pa bedi langa.

Amake ndidaŵaimbira foni mankhwala achiŵiri atamwedwa. Ndidafotokoza za malungo, za anamwino, za LA. Za Panado ndidayamba ndazisiya, koma iwo amandidziŵa. Adafunsa kuti, "Nanga ku sukulu adaloŵa bwanji ali wotentha choncho, abambo ake?" Nditaŵauza, foni idakhala duu nthaŵi yaitali, ndikungomva nkhuku za ku Ntcheu. Kenaka adati akwera basi yoyamba m'maŵa.

Usiku umenewo sindidagone. Ola lililonse ndinkamgwira pa chipumi, pa khosi, pa mimba. Chakum'bandakucha adatuluka thukuta lambiri mpaka pilo kunyoŵa, ndipo kutacha adapempha tiyi. Tsiku lachitatu adayamba kulimbana ndi mphaka. Tidamsunga kunyumba sabata yathunthu, ndipo abwana anga, nditaŵauza kuti mwana adadwala malungo, adati pepani, osafunsanso za akazi. Ndikhulupirira kuti ndikadanena zoona Lachitatu lija m'maŵa, msonkhano ukadachitika popanda ine, monga udachitikira ndithu kuyambira 11 koloko.

Zimfine sizidathe. M'nyengo yozizira ya 2021, mliri utabweranso kachitatu, adadwala ziŵiri zotsatizana, ndipo chaka chotsatira adatenga katsabola pamodzi ndi theka la kalasi lake. Koma zidayamba kutalikirana, ndipo pofika ku pulaimale anali mwana wosadwaladwala. Kamfuti kaja kadazimirira mwakachetechete, WHO isanalengeze n'komwe pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 siilinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Ndowa ya kampopi ndidaiona tsiku lina kuseri kwa kalasi, akuthirira nayo maluŵa.

Lolemba limene adabwerera ku sukulu atachira, ndidamperekeza ndekha, ngakhale amake adaalipo. Adasamba m'manja, naima njo, kamfuti kadalira, alonda nati aloŵe. Aphunzitsi aja adaali chiimire pafupi ndi chipata, chinthu chimene sankachita kale. Adandipatsa moni ataŵerama pang'ono monga mwa masiku onse. Kenaka adagwada, naika kuseri kwa dzanja lao pa chipumi cha mwanayo, nakhala chete kanthaŵi. Adafunsa mwanayo, osati ine, ngati wamwa mankhwala alionse m'maŵa. Iye adati iyai, wangomwa phala. Adamgwira dzanja, naloŵa naye.